Penti yobiriwira si laisensi, ba mulamu

Inu amene mumakwera basi yoyamba kuchokera ku Chelstone, ija ya ma 05 pamene kondakitala akali ndi tulo m'maso, mwina munachiona chilole chobiriwira chitaima m'mbali mwa Great East Road mwezi watha. Mabokosi a matimati mpaka pamwamba, ndipo pansi pake bambo wina wamfupi akungozungulira ali pa foni. Bambo uja ndi mulamu wanga. Andilola kulemba nkhani yawo, koma ati dzina ndisatchule, chifukwa ku Soweto awaseka kale mokwanira.

Ba mulamu ali ndi munda ku Chongwe. Chaka chatha anagula lole yakale ya asilikali kwa mlimi mnzawo, Leyland DAF yokoka ndi mawilo onse anayi, mtundu umene asilikali a ku Britain anayendera zaka zambiri asanayambe kugulitsa kwa anthu wamba. Pa kugulako sindiwatsutsa. Msewu wa kumunda kwawo, mvula ikagwa, Canter imatitimira mpaka pa chitseko, koma chilole ichi chimangodutsa ngati palibe kanthu. Mlimi amene matimati ake afika ku Soweto mu February, pamene anzake ali m'matope, ndiye amene amanena mtengo.

Vuto linali m'mutu mwawo. Anakhulupirira kuti galimoto ya asilikali siimitsidwa. Penti anaisiya momwemo. Anagulanso jekete ya mawangamawanga pa salaula, ati ya mphepo. Kwa miyezi ingapo zinayendadi: ma minibasi anali kupatuka okha, angwangwazi a pa City Market anali kuwaitana kuti "ba soja", ndipo iwo sanakane.

Tsiku lija wapolisi anakweza dzanja, ndipo ba mulamu akuti mafunso anayamba mwaulemu kwambiri.

"Ba tate, muli ku barracks iti?"

"Awe bwana, ndine mulimi chabe."

"Manje jekete iyi?"

"Ni ya salaula, bwana."

"Chabwino. Nipaseniko laisensi na white book."

Laisensi inali ya kalasi B, ija ya galimoto zing'onozing'ono zosapitirira makilogalamu 3,500. Lole yotere imafuna C1, imene imafika makilogalamu 16,000. White book inali m'dzina la munthu amene ba mulamu sanamuonepo, mwini wake woyamba, chifukwa ngakhale amene anawagulitsa sanasinthe dzina. Fitinesi inatha kalekale. Ndipo pamwamba pa mabokosi panakhala azimayi asanu ndi awiri amene anawatenga panjira, aliyense atalipira kangachepe. Lole inagwidwa. Azimayi anakwera basi. Matimati ena anasamutsidwira mu Canter ya hayala dzuwa litatuluka kale, ndipo pofika ku Soweto ooda anali atagula kwa ena. Otsala anagulitsidwa pa mtengo wa chisoni.

Atandiimbira foni anayembekeza kuti ndidzalemba zodzudzula apolisi. Ndinawauza kuti apolisi ndawadzudzulapo kambiri pa tsamba lino, koma tsiku lija wapolisi uja anagwira ntchito imene timamulipirira.

Lole ikachoka m'manja mwa asilikali, kaya a kuno kaya a kunja, imasanduka lole wamba, yofanana ndi ya simenti kapena ya malasha. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 2002, imene inakhazikitsanso RTSA, silifunsa kuti galimoto inali ya yani kale. Lifuna iwerengedwe m'dzina la mwini wake, ikhale ndi road tax, inshuwalansi ndi fitinesi, ndipo woyendetsa akhale ndi kalasi yoyenera kulemera kwake. Ikachokera kunja pamafunika mapepala a ZRA. Posintha dzina apolisi amayamba aona manambala a injini ndi chasisi kuti atsimikize kuti si yakuba. Zonsezi zimadya nthawi ndi ndalama, ndikudziwa, ndaimapo pa mizere imeneyo. Koma palibe chimodzi chimene chimakhululukidwa chifukwa cha penti.

Nkhani ya kalasi ndiyo imandiopsa kwambiri, chifukwa ikukhudza ife amene timapanikizana anayi anayi mu Hiace. Munthu amene anaphunzirira pa Corolla sadziwa kuti mabuleki oyendera mpweya amafuna kudikira mpweya udzaze asananyamuke. Sadziwa kuti lole yaitali m'mwamba, yomangidwira kuthengo, ikanyamula katundu imapendama msanga pokhota. Ali pampando pamwamba paja saona kamwana kapena wa Zamcab amene wadutsa pafupi ndi bampa. Manje ganizirani chilole chotere chikulowa Los Angeles Road m'mawa, pamene ma wilibala, mabasi ndi azimayi osenza madengu onse akulimbirana kamsewu kamodzi. Kuyeza kwa C1 kulipo chifukwa cha anthu amenewo.

Ife akuluakulu timakumbukira ma IFA, malole aja ochokera ku East Germany amene asilikali athu anali nawo ambiri nthawi ya a Kaunda. Anapangidwa ku Ludwigsfelde kuyambira 1965 mpaka 1990. Anatinyamulira maliro ambiri, ndipo amene anakhalapo kumbuyo kwake akudziwa momwe munthu amagwiririra chitsulo lole ikafika pa hampu. Mwina n'chifukwa chake timaganiza kuti kukhala kumbuyo kwa lole yobiriwira ndi chinthu chozolowereka. Azimayi aja pamwamba pa mabokosi analibe ngakhale chitsulo chogwira.

Tsono za penti ndi jekete. Ba mulamu ati mtundu ndi mtundu chabe. Koma mu Lusaka muno tidziwa kuti mtundu wa galimoto umalankhula. Si kale pamene ma minibasi onse anali a buluu, kuti munthu adziwe patali kuti iyi ndi yokwera. Chobiriwira chija nacho chili ndi tanthauzo lake. Mzinda uno unadzukapo pa 30 June 1990 ndi mawu a Mwamba Luchembe pa wailesi, unadzukanso pa 28 October 1997 ndi Captain Solo. Wapolisi akaona lole yooneka ya asilikali mbandakucha, yokhala ndi nambala ya anthu wamba, woyendetsa atavala mawangamawanga, mufuna achite chiyani? Aimike basi. Ndipo asilikali eniake achenjezapo kangapo kuti munthu wamba asavale zofanana ndi yunifomu yawo, chifukwa akuba nawonso amadziwa kuti anthu amaopa zovala zimenezo. Ba mulamu anali ndi mwayi kuti jekete inangolandidwa. Ndinawafunsa kuti akanachita bwanji akanasochera nayo cha ku Arakan Barracks, pakati pa Kabwata ndi Woodlands paja. Sanayankhe.

Kwa apolisi ndili ndi mawu amodzi. Munthu ngati mulamu wanga anayenda miyezi yonseyi osagwidwa, ndipo sindikhulupirira kuti palibe amene anamuona. Ena anachita mantha ndi penti, ena mwina anauzidwa kuti "gulani ka drink". Amene amalandira ka drink ndiye amaphunzitsa oyendetsa kuti mapepala ndi osafunika. Ngati munthu walakwa, alipire faindi apatsidwe lisiti ya boma, kapena apite ku khoti. Nafenso apaulendo tileke kukalipira wapolisi kuti "tachedwa ku nchito" pamene akuyang'ana matayala a basi imene takweramo ife tomwe.

Ba mulamu tsopano alemba dalaivala wa C1, uku iwo akuphunzira kuti akayezedwe. Mwini white book anapezeka ku Kafue pambuyo pa masabata atatu, ndipo anafuna yake ya mafuta asanasaine. Lole yapakidwa penti yoyera, pa chitseko palembedwa dzina la munda. Dzulo anandidandaulira kuti kuyambira pamene inayera, ma minibasi a ku Chelstone amawadula kutsogolo ngati wina aliyense, ndipo angwangwazi ayamba kuwaitana kuti "ba matimati".