Kutupa Kukaphwa Sikuti Matenda a Impso Atha

Makolo ambiri m'Bauleni, Mtendere ndi Kalingalinga amakondwera mwana akatuluka m'Cipatala ca Ana ca UTH nkhope ndi miyendo zitaphwa. Amayesa matenda atha. Patapita miyezi itatu kapena inai, mwana adzuka m'mawa zikope zitatupanso, ndipo panyumba pabuka mkangano. Ena ati mankhwala a kucipatala alephera. Ena ati ndi mdulo, nayamba kuloza amai cala pa nkhani ya mcere wa m'ndiwo. Pamene akulu akangana, mwana alikutupirabe.

Matendawa, amene acipatala acha nephrotic syndrome, ali mu impso. Impso ndizo sefa wa magazi. Sefa akabooka, puloteni ya m'magazi imatayikira mu mkodzo, mkodzo ucita thovu, ndipo madzi adzaza m'thupi. Amagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 6. Sapatsirana, ndipo si mlandu wa mai kapena bambo.

Mankhwala ake ndi prednisolone. Mwana amamwa tsiku ndi tsiku kwa masabata 4 mpaka 6, kenaka modumphitsa tsiku limodzi kwa masabata enanso 4 mpaka 6. Ambiri amaphwa m'masabata awiri oyamba, ndipo apa ndi pamene makolo ena amalekera, poona kuti mwana wayamba kusewera kapena masaya akula. Kuleka mwadzidzidzi n'koopsa.

Koma ngakhale mwana atatsiriza bwino, coonadi ndi ici: mwa ana 10 amene mankhwalawa awathandiza, 7 kapena 8 amadzatupanso, ena kangapo pa caka. Amene anayamba kudwala ali aang'ono kwambiri, ndi amene abwereza miyezi 6 isanathe, ndiwo amabwereza kawirikawiri. Cimene cimautsa matenda nthawi zambiri ndi cimfine kapena cifuwa, cotero mphepo ya June ndi July ndi nthawi yokhala maso.

Makolo sayenera kudikira mimba kutupa. Puloteni imaoneka mu mkodzo masiku angapo thupi lisanatupe. Mwana wotere akagwidwa cimfine, kapena mkodzo ukacita thovu, apite naye ku kiliniki ya Bauleni akapimitse mkodzo ndi kapepala koviika. Kakaonetsa 3+ masiku atatu otsatizana, matenda abwerera. Banja lisunge kabuku kolembamo tsiku, sikelo ya mwana, zotsatira za mkodzo ndi mapilisi amene wamwa. Makiliniki a m'makomboni nawonso asamasowe timapepala timeneti, pakuti n'tochipa kuposa bedi la m'wadi.

Pamene mwana watupa kapena ali pa mankhwala, mcere ucepe. Kapenta wa mcere, soda wa m'delele ndi tokhwasula-khwasula twa m'mapaketi ziyambe zaima. Prednisolone kapena Brufen wogula pa kantemba asapatsidwe mwana popanda mau a dokotala. Akatentha thupi, akamva mimba kupweteka kwambiri, akapuma movutika, kapena akasewera ndi mnzake wa katsabola kapena cikuku, apite kucipatala tsiku lomwelo.

Ana ambiri amene prednisolone iwathandiza amaleka kubwereza akamafika pa unyamata kapena utsikana, impso zawo zili bwino. Kufikira pamenepo, tsiku la kuonana ndi dokotala lisaphonyedwe, ngakhale mwana aoneke wamphamvu cotani.