Mwana Wosamva: Mwano Kapena Makutu?

Liwu loti "wosamva" lili ndi matanthauzo awiri m'Chichewa. Limanena mwana wamwano amene amakana malangizo a akulu, komanso limanena munthu amene makutu ake sagwira bwino mawu. Tsoka lake ndi lakuti m'sukulu zambiri ana a gulu lachiwirili amalandira chilango choyenera a gulu loyamba.

Mwana wovutika kumva ali ndi zizindikiro zosabisika kwa mphunzitsi wodekha. Akaitanidwa kuchokera kumbuyo satembenuka. Amayang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, ndipo amapendeketsa mutu kuti khutu labwinolo litsogole. Masamu olembedwa pabolodi amawakhoza, koma pa lembetso amalemba mawu amene sananenedwe. Anzake akamamuseka amayamba kudzipatula, kenaka kujomba, ndipo mapeto ake amaleka sukulu akudziyesa mbuli pomwe nzeru ali nazo.

Vutoli silibwera ndi mfiti ayi. Ena amabadwa nalo, koma ambiri limawapeza chifukwa cha mafinya a m'khutu osachizidwa msanga, chikuku, matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu. Mankhwala ena amphamvu, monga kwinini, nawonso angathe kuwononga makutu, monganso phokoso la tsiku ndi tsiku la pachigayo. Lipoti la bungwe la zaumoyo la WHO la chaka cha 2021 linanena kuti anthu pafupifupi 430 miliyoni padziko lapansi akufunika thandizo pa vuto la kumva, ndi kuti mwa ana 100 ovutika kumva, pafupifupi 60 akanapulumuka pakanakhala katemera ndi chithandizo cha msanga.

Thandizo lilipo m'Malawi muno. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku African Bible College ku Lilongwe kuli akatswiri oyeza makutu. Sukulu za ana osamva zili ku Maryview m'boma la Chiradzulu, ku Mua ku Dedza ndi ku Embangweni ku Mzimba, pomwe bungwe la MANAD limalankhulira anthu osamva ndi kulimbikitsa chinenero chamanja.

Komabe makolo ndi aphunzitsi asamayese kachipangizo kovala m'khutu ngati chozizwitsa. Ntchito yake ndi kukweza mawu, ndipo m'kalasi la ana ochuluka kamakwezanso phokoso. Kamafuna mabatire amene m'magolosale akumudzi sapezeka, kamadana ndi madzi ndi fumbi, ndipo kachikombole kolowa m'khutu kayenera kusinthidwa mwana akamakula. Kachipangizo kopanda ousamala kamathera m'chikwama. Kwa mwana amene samva konse, chinenero chamanja ndicho khomo lenileni la maphunziro, ndipo kumuletsa kulankhula ndi manja kuli ngati kumanga pakamwa mwana wolankhula.

Chimene mphunzitsi angachite sichilira ngakhale tambala imodzi. Amuike mwanayo kutsogolo, kutali ndi zenera laphokoso. Asalankhule atafulatira kalasi uku akulemba pabolodi. Aime poyera kuti milomo yake ioneke, alankhule momveka koma osakuwa, popeza kukuwa kumapotoza mawu. Ntchito yokachitira kunyumba ailembe, osangoitchula belu likulira. Koposa zonse, aitane makolo ndi kuwalangiza kuti apite ndi mwanayo kuchipatala khutu lisanafe.

Achinyamata omaliza sukulu nawonso ali ndi gawo lawo. Koleji ya Montfort ku Nguludi imaphunzitsa aphunzitsi a ana olumala, ndipo omasulira chinenero chamanja akusowa m'zipatala, m'makhoti ndi m'matchalitchi. Ngakhale uthenga wolemba pa lamya ya m'manja ukhoza kutulutsa mnzawo m'ndende ya kusungulumwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mphunzitsi asananene kuti mwana uyu ndi wosamva, ayambe wadzifunsa kuti mwa matanthauzo awiri aja akunena liti.