Agalu a ku Yukon adya chiyani?

Ambiri a ife tikatopa ndi mabilu a magetsi ndi phokoso la m'tauni timalakalaka titakakhala kutali, kumene munthu amadya za manja ake. Mwezi uno tiyeni tione anthu amene amakhaladi moyo wotere m'mbali mwa mtsinje wa Yukon, ku Alaska.

Mudzi wa Fort Yukon ulibe msewu woulumikiza ndi matauni ena. Ofika kumeneko amadzera pa ndege kapena pa bwato. M'nyengo yozizira, pamene kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro, mtsinje umauma gwa n'kusanduka msewu. Mabanja okhala m'tinyumba tamitengo kunja kwa mudziwu amaboola ayezi kuti atunge madzi, ndipo mbaula ya nkhuni siizima. Sola imathandiza m'miyezi ya dzuwa, koma mu Disembala dzuwa limangosuzumira pang'ono n'kulowanso.

Apa m'pamene agalu amafunika. Amakoka ngolo yotsetsereka pa chipale chofewa, atanyamula nkhuni, madzi ndi katundu. Njinga zamoto zoyenda pa chipale zitafala m'zaka za m'ma 1960, ambiri anasiya agalu. Otsalawo ali ndi chifukwa chomveka: galu safuna petulo, ndipo salephera kulira m'mawa kukazizira. Mu 1925, matenda a diphtheria atabuka m'tauni ya Nome, ndi agalu amene anafikitsa mankhwala kuchokera ku Nenana, ulendo wa makilomita oposa 1,000, m'masiku osakwana 6.

Komatu galu amadya, agwire ntchito kapena ayi. Chakudya chake chakhala nsomba ya salmon, makamaka mtundu wa chum. M'chilimwe anthu amaika m'mtsinje gudumu lalikulu la madengu, lomwe limazungulira ndi mphamvu ya madzi n'kumavuula nsomba usana ndi usiku. Nsombazo amazing'amba n'kuziyanika pamitengo, mazanamazana. Kukazizira amaziphika mumgolo pamodzi ndi mpunga ndi mafuta, msuzi wambiri, chifukwa madzi akumwa a galu amauma m'mbale asanawamalize. Chomwe chimatigometsa ife n'chakuti mtsinje womwewo umayendetsa gudumu, umabweretsa chakudya, kenako n'kukhala msewu wa agaluwo.

Zinthu zinasintha mu 2020. Nsomba za chum zobwerera kuchokera kunyanja zinachepa kwambiri, ndipo mu 2021 boma linaletsa ngakhale kupha salmon ya pakhomo. Mitengo yoyanikira inakhala yopanda kanthu. Anthu akufuna kwabwino anatumiza matumba a chakudya cha agalu cha m'sitolo, koma chakudya chotere n'chodula, ndipo kuchinyamula pa ndege kumawonjezera mtengo. Eni agalu ena anachepetsa agalu awo. Akatswiri amatchula kutentha kwa madzi a m'nyanja ngati chimodzi mwa zifukwa. Asodzi a m'midzi amadandaulanso ndi zombo zikuluzikulu zokoka maukonde m'nyanja ya Bering.

Ife tikuona kuti mawu oti "kudzidalira" timawatchula mopepuka. Banja lija linalibe nthambo ya magetsi, inde, koma linkadalira nsomba yokulira kutali, m'nyanja imene silinkailamulira. Mu 2024, Alaska ndi Canada anagwirizana zoimitsa kwa zaka 7 kupha salmon ya mtundu wa chinook yoswana kumtunda kwa Yukon, m'dziko la Canada. Mwana amene anali ndi zaka 8 panthawiyo adzakhala ndi zaka 15 chiletsocho chikamatha.