Kuchoka Kwabwino Nkutsanzika

Mwezi uno nkhani yathu ichokera kutali, ku dziko la America, ndipo poyamba ingaoneke ngati yachibwana. Ndi nkhani ya anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, amene anadandaula pomva kuti chinthu choseŵerera chidzaphwasulidwa. Wina angafunse kuti, "Kodi zodandaulitsa zatha padziko pano, kuti munthu wamkulu achite chisoni ndi zitsulo?" Funsolo nlomveka, komatu tisafulumire kuseka. Tiyambe tamva mutu wa nkhaniyo, pakuti m'menemo muli mawu okhudza nyumba zathu zomwe.

M'maiko ambiri muli malo aakulu a zisangalalo kumene mabanja amapita patchuthi, nalipira pachipata, nakwera zoseŵerera zamitundumitundu. Amene anakhalako ku Johannesburg angakumbukire malo otere otchedwa Gold Reef City. Mfumu ya zoseŵerera zonsezo ndi chimene eni ake amachitcha roller coaster. Ndi kasitima ka mabogi oŵerengeka, kopanda denga, koyenda pa njanji yomangidwa m'mwamba pa mizati. Kasitimako kalibe injini. Unyolo wachitsulo umakakokera pang'onopang'ono pamwamba pa chitunda choyamba, chimene chimatalika kuposa zinzake zonse, ndipo ukakasiya pamenepo, kulemera kwake komwe ndiko kumakathamangitsa mpaka kumapeto, monga ichitira njinga potsika phiri. Njanjiyo imatsika, imakwera, imakhota, ndipo pena imazungulira kotero kuti okwera amazondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Magudumu ake amagwira njanji pamwamba, pambali ndi pansi, ndipo munthu aliyense amatsekeredwa pampando wake ndi chitsulo kuti asagwe. Anthu amakuwa ndi mantha, koma akatsika amaseka, nabwereranso pamzere.

Ku Mason, pafupi ndi mzinda wa Cincinnati m'chigawo cha Ohio, kuli malo a zisangalalo otchedwa Kings Island. Kumeneko, m'mwezi wa Epulo 1987, anatsegula kasitima kotere kotchedwa Vortex. Kanamangidwa ndi kampani ya Arrow Dynamics pa mtengo wa madola 4 miliyoni, ndipo anakalinganiza ndi mmisiri wotchuka Ron Toomer, munthu amene iye mwini sankakonda kukwera timasitima timeneti chifukwa tinkamchititsa chizungulire. Chitunda choyamba cha Vortex chinali cha mamita 45, njanji yake yonse inapitirira kilomita imodzi, ndipo liŵiro lake linkafika makilomita 89 pa ola. Chimene chinadabwitsa anthu koposa nchakuti kankazondotsa okwera kasanu ndi kamodzi paulendo umodzi wa mphindi ziŵiri ndi theka, chinthu chimene panalibe kasitima kena kanachitapo. Chaka chimenecho alendo a ku Kings Island anapitirira 3 miliyoni kwa nthaŵi yoyamba.

Tsono zaka zinapita. Pa 27 Seputembala 2019 eni malowo analengeza kuti Vortex wakalamba, ndi kuti tsiku lake lomaliza lidzakhala 27 Okutobala chaka chomwecho. Anafotokoza kuti timasitima ta mtundu umenewo timagwira ntchito zaka 25 kapena 30, pamene Vortex anali m'chaka chake cha 33, atanyamula okwera oposa 45 miliyoni.

Tiyenera kunena mosabisa kuti eni malowo anali ndi chifukwa. Chitsulo chimatopa. Aliyense amene anapindapo waya uku ndi uku mpaka kuduka akudziŵa zimenezi. Nthaŵi iliyonse kasitima kodzaza anthu kakadutsa, njanji ndi mizati zimapindika pang'ono, kupindika kosaoneka ndi maso, ndipo zikachitika motero zaka makumi atatu, ming'alu yaing'ono imayamba m'malo oŵotcherera. Kasitima ka matabwa kali ndi mwaŵi pamenepa, chifukwa amisiri amachotsa thabwa lovunda naikapo lina chaka ndi chaka. Nchifukwa chake The Beast, kasitima ka matabwa kamene kanatsegulidwa ku Kings Island komweko mu 1979, kakuyendabe ngakhale kali kakulu kwa Vortex. Njanji yachitsulo ikatopa pafunika kusula zigawo zazikulu zatsopano, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri. Kuwonjezera apo, kampani ya Arrow Dynamics inagwa mu 2001, katundu wake nagulidwa ndi kampani ina chaka chotsatira. Ndipo pa miyoyo ya anthu palibe kuyesa mwaŵi. Mwini malo amene angapitirize kukweza ana a anthu pa chitsulo chotopa chifukwa cha chifundo chake pa chitsulocho, ameneyo sitingamtche wachifundo.

Nanga okonda timasitimati analandira bwanji uthengawo? Ku America anthu ameneŵa ali ndi bungwe lawo, American Coaster Enthusiasts, limene linayamba mu 1978, ndipo ena mwa iwo amaŵerenga timasitima tonse timene anakwerapo monga mlimi aŵerengera ng'ombe zake. Mawu awo sanali amodzi. Ena anati Vortex apite ndithu, pakuti ankagwedeza kwambiri, ndipo makutu a wokwera ankamenyeka ku chitsulo chotsekera mapeŵa. Iwoŵa anali atazoloŵera kale timasitima tatsopano toyenda myaa, monga Diamondback ka 2009 ndi Banshee ka 2014. Ena anaŵaŵidwa mtima, namati eni malowo akadatha kukonza akadafuna. Koma ochuluka anachita chinthu chimodzi chokha: anatenga ana awo ndi anzawo, napita kukakwera komaliza mwezi umenewo usanathe. Ngakhale ena amene kale ankaudutsa mzere wa Vortex popita ku timasitima tatsopano, tsopano anaima pamzerewo moleza mtima. Akuluakulu ananena zoona kuti chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa.

Vortex anaphwasulidwa, ndipo mu 2020 eni malowo anadula njanji yake m'tizidutswa tating'ono, natigulitsa pa madola 198.70 kalikonse, mtengo wokumbutsa chaka cha 1987. Anthu anagula. Pamenepa mpamene tiyenera kufunsa chimene munthu amagula akagula kachitsulo kopanda ntchito pa mtengo wotere. Yankho lili pachipata cha kasitimako. Mwana sankaloledwa kukwera Vortex asanafike msinkhu wa masentimita 122, ndipo pachipatapo pankakhala muyeso. Mwana amabwera chaka chino napereŵera pang'ono, nabwerera akulira. Chaka chamaŵa abweranso, ayesedwa, akwana, ndipo akwera atakhala pambali pa atate ake kapena amayi ake, mtima uli phaphapha. Mnyamata amene anakwera motero mu 1987 ali ndi zaka 10, pofika 2019 anali ndi zaka 42, ndipo mwina anali atayesa kale mwana wake pa muyeso womwewo. Mwina atate amene anamgwira dzanja tsiku lija anali atatsikira kulichete. Wogula kachitsulo kaja ankagula chikumbutso cha tsiku limenelo. Tikazindikira zimenezi, kuseka kuja kutha.

Kuti tione bwino phindu la mwezi umodzi umene anthu a ku Ohio anapatsidwa, tiyeni tipite ku Jackson, m'chigawo cha New Jersey, ku malo otchedwa Six Flags Great Adventure. Kumeneko kunali Kingda Ka, kasitima kamene kanatsegulidwa mu 2005 ndipo kanali katali koposa tonse padziko lapansi, mamita 139. Ikoko sikankakokedwa ndi unyolo. Makina ankakaponya kuchokera poima mpaka liŵiro la makilomita 206 pa ola m'masekondi atatu ndi theka. Chakumapeto kwa 2024 kunamveka mphekesera kuti Kingda Ka atsekedwa, koma eni malowo anakhala chete. Amene anakhulupirira mphekeserayo anathamangira komweko, ndipo amene anadikira mawu enieni anatsala. Kasitimako kanayenda komaliza pa 10 Novembala, ndipo eni ake analengeza za kutsekedwa kwake pa 14 Novembala, zonse zitatha. Pa 28 Febuluwale 2025 nsanja yake inagwetsedwa ndi zophulitsira. Mkwiyo wa okonda timasitima unali waukulu, ndipo dandaulo lawo lalikulu linali lakuti sanauzidwe. Ambiri mwa iwo ankadziŵa kuti makina oponya aja anali ovuta ndi odula kusamalira, ndipo akadamvetsa. Chimene chinaŵaŵa ndicho kumanidwa mpata wotsanzika.

Sitikunena kuti chakale chilichonse chiyenera kugwa. Ku Coney Island, mu mzinda wa New York, kuli Cyclone, kasitima ka njanji ya matabwa kamene kanatsegulidwa mu 1927. M'zaka za m'ma 1970 panali maganizo akuti kagwetsedwe kuti malo osungirako nsomba oyandikana nako akulitsidwe, koma anthu anakana, nalankhula pamodzi. Kanakonzedwa, kanatsegulidwanso mu 1975, ndipo mu 1988 mzindawo unakaika m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa. Ku Williamsburg, m'chigawo cha Virginia, eni malo a Busch Gardens anasankha kukonza Loch Ness Monster, kasitima ka 1978 komangidwa ndi amisiri a Arrow omwe aja, naikamo zigawo zatsopano za njanji, nakatsegulanso mu 2024. Kotero pali zina zimene zingapulumutsidwe anthu akalankhula nthaŵi ikalipo, ndipo pali zina zimene masiku ake atha. Nzeru ili pa kusiyanitsa ziŵirizi, ndipo ulemu uli pa kuuza anthu zoona, kaya chinthucho chikhala kaya chipita.

Tsono tibwerere kwathu, makolo anzathu. Kumudzi kwathu kuno mlendo wochoka m'bandakucha osatsanzika timamuyesa wopanda mwambo, ndipo mlendo wotsanzika timamperekeza mpaka kunjira. Koma mwambo umenewu kaŵirikaŵiri timauiŵala pochita ndi ana athu. Atate agulitsa mbuzi imene mwana wakhala akuŵeta chibadwire chake, wogula aitenga mwana ali kusukulu, ndipo mwanayo pobwera apeza chingwe chokha. Mtengo wa mango umene ana anakulira pansi pake udulidwa tsiku limodzi chifukwa mizu yake ikung'amba maziko a nyumba. Banja lisamuka chifukwa cha ntchito, ndipo mwana amva za ulendowo galimoto itaima pakhomo, osaonananso ndi anzake kapena mphunzitsi wake. Pa zonsezi makolo amakhala ndi chifukwa chabwino. Fizi inafunika, nyumba ikadagwa, ntchito siikanadikira. Ndipo ambiri timabisa chifukwa cha chikondi, poopa kuona misozi ya mwana. Komatu misoziyo imadza ndithu, ndipo ikadza pambuyo imadza pamodzi ndi maganizo akuti, "Ine pakhomo pano sindiŵerengedwa." Mwana wouzidwa sabata imodzi zisanachitike adzalira, inde, koma adzaidyetsa mbuzi yake msipu wabwino komaliza, adzamva chifukwa chake kuchokera m'kamwa mwa atate ake, ndipo adzaphunzira kuti mawu a makolo ake ngodalirika ngakhale pa zinthu zoŵaŵa.

Palinso china. Mzere wa anthu oposa 45 miliyoni aja unali wodzala ndi makolo amene anapatula tsiku lathunthu kuti akhale ndi ana awo popanda ntchito ina. Ife sitifunika madola kapena njanji ya m'mwamba kuti tichite chimodzimodzi. Ulendo wa kunyanja, kukaonera mpira pamodzi, kukwera phiri la pafupi Loŵeruka, nthano za madzulo pamoto, zimenezi ndizo mwana adzazikumbukira ali ndi zaka 42. Ngati sitimpatsa masiku otere tsopano, adzakula alibe chokumbukira.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mawu athu kwa inu ndi aŵa. Anthu a ku Ohio anapatsidwa mwezi wathunthu, a ku New Jersey sanapatsidwe ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa zinthu zambiri za moyo uno timafanana ndi a ku New Jersey. Agogo anu kumudzi sadzakutumizirani kalata yonena tsiku lawo lomaliza. Muwaone tchuthi chikudzachi. Muwafunse maina a makolo awo, ndi kumene mtundu wanu unachokera, ndi mmene mudzi wanu unayambira, ndipo mulembe m'kope zimene adzakuuzani. Musanyoze chakale chifukwa chatsopano chafika. Timasitima toyenda myaa ta masiku ano tinamangidwa ndi amisiri amene anaphunzira pa zolakwa ndi zopambana za amisiri akale monga Ron Toomer. Mukamaliza sukulu, pitani kwa mphunzitsi amene anakuvutikirani mukamthokoze musanachoke. Mukamapita kutauni kapena kunja kukafuna ntchito, musazembe usiku. Khalani pansi ndi makolo anu, muwauze kumene mukupita, mumve malangizo awo, ndipo akuperekezeni.

Madzulo ano, mutatha kudya, yesani kufunsana m'banja mwanu mafunso aŵiri aŵa. Kodi pali kusintha kumene kukubwera pakhomo pano kumene ana sanauzidwe? Nanga pali munthu wachikulire amene takhala tikunena kuti tidzamuona maŵa? Mukapeza yankho, musadikire mwezi wamaŵa.