Gitala la Agide ndi Funso la Mphotho ya Woimba

Kumayambiriro kwa chaka cha 2022 manyuzipepala a maiko akunja analemba nkhani imene inazizwitsa anthu ambiri. Nyimbo yotchedwa Linny Hoo, ya nkhalamba ya ku Chiradzulu, bambo Giddes Chalamanda, inali itaonedwa koposa ka 80 miliyoni pa TikTok, chikhalirecho mwini wakeyo, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 92, analibe ndi lamya yamakono yomwe yoti aonerepo zimenezo. Atolankhani amene anakawachezera kumudzi anapeza kuti moyo wao sunasinthe molingana ndi kutchuka kwa dzina lao. Pamenepa mpamene pagona funso loyenera kulisinkhasinkha mofatsa: kodi nyimbo ikayenda dziko lonse lapansi, phindu lake limatsakamira pati, ndipo nchifukwa ninji silifika kwa amene anaipeka?

Funso limeneli likukhudza kwambiri achinyamata ndi aphunzitsi a malo onga Mulanje Mission. Pamalo pamene pali tchalitchi, sukulu ndi chipatala sipasowa makwaya, ndipo m'makwayamo ndimo anyamata ndi atsikana ambiri amakhudzira gitala koyamba. Akatsiriza Fomu 4, ena a iwo amaona kuti ntchito za m'maofesi nzosowa, ndiponso kuti ya m'minda ya tiyi ndi yanyengo chabe, motero amayamba kulingalira zoti adzidyera luso la zala ndi pakhosi. Oterewa ayenera kudziwa bwino njira imene anadzera akuluakulu amene anawatsogolera, pakuti maboma a Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu ndi oyandikana, ndipo atulutsa oimba amene dziko lino silidzawaiwala.

A Chalamanda, amene ambiri amangowatchula kuti Agide, anabadwa m'chaka cha 1930 m'boma la Chiradzulu, ndipo anayamba kuimba akali mnyamata. Iwo anakula pa nthawi imene gitala ndi banjo zinali kufalikira m'midzi ya dziko la Nyasaland. Zipangizozi zinkabwera ndi asilikali obwerera kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inatha mu 1945, komanso ndi amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Amene analibe ndalama zogulira ankasema zao ndi mtengo, chigubu ndi mawaya. Chofunika kuzindikira nchakuti oimba a m'badwo umenewo sanangotengera maimbidwe achilendo ai. Iwo anatenga chipangizo chachilendo nkuchiphunzitsa kulankhula Chichewa, Chilomwe ndi Chiyao, nachimenya motsata kayendedwe ka ng'oma ndi magule a kwao.

Kunja kwa dziko lino kuli mtundu wa nyimbo wofanana nawo, umene Azungu amautcha folk-rock. Umenewu unatchuka ku America cha m'ma 1965, pamene oimba onga Bob Dylan anatenga nyimbo za anthu wamba, zosimba nkhani ndi madandaulo, nkuziphatikiza ndi magitala amagetsi ndi ng'oma zachizungu. Ngakhale maina ali osiyana, mtima wake ngumodzi: munthu mmodzi, gitala lake, ndi nkhani yoti auze anthu. Nyimbo ya Linny Hoo ndi chitsanzo chabwino, pakuti ndi mau a kholo loyamikira mwana wake wamkazi, nkhani ya pakhomo imene aliyense angaimve.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, wailesi ya MBC ndiyo inali khomo lalikulu lotulukira woimba, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu panalibe wailesi ina yofalitsa mau m'dziko lonse. Woimba akajambulidwa kumeneko dzina lake linkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma kumveka kwa dzina sikunali kulemera. Malemu Allan Namoko a ku Thyolo, amene anali osaona koma akatswiri pa banjo pamodzi ndi gulu lao la Chimvu, anamwalira mu 1995 osaona chuma chofanana ndi kukula kwa mbiri yao. Malemu Daniel Kachamba a ku Chileka anafika mpaka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970 mothandizana ndi katswiri wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik wa ku Austria, ndipo anamwalira mu 1987. Luso lao likuphunziridwa m'masukulu a ukachenjede a kunja, pamene ana ambiri a sukulu kuno kwao sadziwa ndi dzina lomwe.

A Chalamanda anapatsidwa mwai wa moyo wautali, kotero kuti anaona nyengo zimene anzao sanazione. M'nyimbo yao ina yotchedwa Buffalo Soldier anatchula za khumbo lao lokaona dziko la America, ndipo khumbolo linakwaniritsidwa mu 2016 pamene anthu akufuna kwabwino anathandiza kuti apite kumeneko, limodzi ndi oimba awiri odziwika ndi dzina lakuti Edgar ndi Davis. Mu 2020 woimba wachinyamata Patience Namadingo anajambula nawo nyimbo zao zakale m'kamvekedwe ka rege, ndipo kanema wake ndiye anayatsa moto umene unafika pa TikTok. Apa panaoneka chinthu chokoma, chakuti wamng'ono anagwira dzanja wamkulu, ndipo mbadwo umene sunamvepo za Agide unayamba kuwafunafuna. Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kuti nyererezo zioneke bwino, mpofunika kumvetsa mmene ndalama za nyimbo zimayendera. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ngwa amene anapeka mau ndi chuni chake. Wachiwiri ngwa amene analipira kapena kukonza kujambulako. Makampani a pa intaneti salipira woimba mwachindunji chifukwa chakuti anthu ambiri aona kanema wake. Iwo amapangana ndi makampani ofalitsa nyimbo ndiponso mabungwe oimira opeka, ndipo ndalama zimatsata dzina limene linalembetsedwa m'mabuku a mabungwewo. Nyimbo imene sinalembetsedwe, kapena imene anthu angoidula tizidutswa nkumaimwaza okha, ingathe kumveka maiko onse popanda tambala yobwerera kwa mwini wake. Kuonjezera apo, malipiro a kumvera kumodzi ngochepa zedi, kotero kuti chiwerengero chachikulu cha oonera sichitanthauza thumba lodzaza.

Mbiri ya oimba awiri a kunja ikuonetsa poyera kusiyana kumene kulipo. Mu 1939 Solomon Linda wa ku South Africa anajambula nyimbo yotchedwa Mbube mu mzinda wa Johannesburg, nagulitsa umwini wake pa ndalama zochepa kwambiri. Nyimboyo inasinthidwa ku America nkupindulitsa anthu ena chuma chosaneneka, pamene Linda anamwalira ali mmphawi mu 1962, ndipo ana ake anapeza mgwirizano woti azilandira gawo lao mu 2006, atapita kubwalo la milandu. Koma Bob Dylan, amene umwini wa nyimbo zake unali wolembedwa bwino, anagulitsa umwiniwo ku kampani ya Universal mu Disembala 2020 pa mtengo umene manyuzipepala anati unaposa madola 300 miliyoni. Chaka chake nchomwecho chimene Linny Hoo inajambulidwanso. Kusiyana kwa anthu amenewa sikunagone pa luso lokha ai, koma pa pepala, pa lamulo, ndi pa kukula kwa msika umene aliyense anali nawo.

Dziko la Malawi silili lopanda chitetezo pa nkhani imeneyi. Lamulo loteteza umwini wa ntchito za luso linakhazikitsidwa mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992 kuti lizitolera ndalama kwa mawailesi, malo achisangalalo ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo, nkumagawira eni ake. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano, limene linatsegula njira yoti pazikhala kamsonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, popeza anthu ambiri masiku ano sagula kaseti kapena chimbale, koma amangoikitsa nyimbo m'makadi a lamya pa misika yonga wa Chitakale kapena wa Limbuli. Komabe lamulo limathandiza amene akulidziwa. Woimba wa kumudzi amene sanalembetse dzina lake ndi nyimbo zake amakhala ngati mlimi amene walima munda wopanda malire odziwika.

Alipo ena amene amati nyimbo ndi ya anthu onse, ndipo kuiikira mtengo nkuononga mwambo. Mau amenewa ali ndi choonadi pang'ono, pakuti nyimbo za pamtondo, za tchopa ndi za maliro zilibe mwini mmodzi, ndipo lamulo limaziika m'manja mwa boma m'malo mwa mtundu wonse. Koma nyimbo imene munthu wodziwika anaipeka yekha, nataya nthawi yake kuikonza, ndi ntchito ya manja ake monga momwe ulili mpando wa mmisiri wa matabwa. Mtundu umene umaombera m'manja woimba ali pabwalo, nkumudikira kuti akalambe kuti umusonkhere zachifundo, sunamlipire, wangompepesa chabe.

Tsono aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu. M'phunziro la zaluso la ku pulaimale, ndiponso m'makalabu a ku sekondale, ana angathe kuphunzira maina ndi ntchito za a Chalamanda, a Namoko ndi a Kachamba monga momwe amaphunzirira maina a olemba mabuku. Angathenso kuuzidwa mwachidule za umwini wa nyimbo, kuti adziwe kuti kukopera ntchito ya mnzao popanda chilolezo nkumudyera thukuta. Ophunzira amene ali ndi lamya angathe kujambula nkhalamba zoimba za m'midzi yozungulira phiri la Mulanje, atapempha chilolezo, nalemba dzina la woimba, mudzi wake ndi tsiku, kuti pasadzakhale wina wodzitcha mwini wake mtsogolo.

Kwa wotsiriza sukulu amene wasankha gitala, malangizo ake ngachidule. Alembe mau a nyimbo zake m'kope ndi kuika tsiku. Alembetse ku COSOMA nyimbo isanatuluke. Asasaine pepala limene sanaliwerenge mpaka kumapeto, ndipo pamene sakumvetsa afunse wodziwa malamulo, pakuti safunsa anadya phula. Akamajambula ndi mnzake, agwirizane polemba za gawo la aliyense ndalama zisanaoneke, chifukwa zikaoneka chibale chimavuta. Luso la Agide linatenga zaka zoposa makumi asanu ndi awiri kuti dziko lapansi lilimve, koma mnyamata wa lero angathe kumveka maiko onse m'sabata imodzi. Nchifukwa chake ayenera kukonzeratu mapepala ake lero, nyimbo ikali m'kope.