Chikomekome cha nkuyu: sukulu za pulaiveti ndi ana a Amalawi ku Primrose

Pali mawu amene Mmalawi wa ku Joni amawatchula mokweza akamaimba foni kumudzi: "Mwana ali pa pulaiveti." Akangowatchula, agogo ku Mzimba kapena ku Mangochi amaomba m'manja, achibale n'kugwedeza mutu kuti mnzawo zamuyendera. Palibe amafunsa kuti sukuluyo ili m'nyumba yotani, aphunzitsi ake anaphunzira kuti, kapena ngati boma la chigawo cha Gauteng likudziwa n'komwe kuti ilipo. Dzina lokhalo lakwanira. Ku Primrose, dera la Germiston mu Ekurhuleni kumene Amalawi ndi anzawo a ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare amachita lendi m'zipinda zakuseri kwa nyumba ndi m'zisakasa za ku Makause, dzina limeneli likudya thukuta la makolo, ndipo nthawi zina likudya ndi zaka za ana zomwe.

Chikhulupiriro chakuti cholipira n'chimene chili chabwino chili ndi mbiri yake, ndipo chinabadwira kumudzi. Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira, ana anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba ntchito mwachangu aphunzitsi amene anali asanasulidwe. Aliyense amene anali ndi kangachepe anathawitsira mwana wake kusukulu zolipira zimene zinamera ngati bowa m'matauni. Kuyambira pamenepo, m'maganizo a ambiri, "zaboma" zinasanduka za osauka, "pulaiveti" n'kukhala chizindikiro cha munthu amene wadzuka. Maganizo amenewa anakwera basi, anawoloka pa Mwanza ndi pa Beitbridge, n'kudzafika ku East Rand osasintha ngakhale pang'ono. Koma malamulo a sukulu ku Primrose si a ku Ndirande, ndipo amene sakuwadziwa akulipira mtengo wa kusadziwako mwezi ndi mwezi.

Choyamba n'chakuti mawu akuti pulaiveti akuphimba zinthu ziwiri zosafanana. Mtunda wochepa kuchokera ku Primrose, ku Bedfordview ndi madera oyandikira, kuli sukulu monga St Benedict's College, Reddam House ndi SAHETI, zokhala ndi mabwalo amasewera, malaibulale ndi zipinda za sayansi. Fizi ya chaka chimodzi kusekondale za mtundu umenewu imaposa malipiro a chaka chonse a mayi amene amachapa ndi kusita m'nyumba za m'dera lomwelo. Imeneyo si pulaiveti imene Mmalawi wosamalira maluwa kapena wowotcherera zitsulo amanena pa foni. Iye amanena mtundu wachiwiri, wofala m'matauni a Gauteng: kasukulu ka pamwamba pa sitolo, m'galaja kapena m'nyumba yakale, kokhala ndi chikwangwani chowala, dzina lachizungu lolemera ndi yunifolomu ya tayi. Zina mwa sukulu zotsika mtengozi n'zolembetsedwa ndipo zimagwira ntchito yooneka. Zina n'zongotolera ndalama. Pachipata zonse zimaoneka chimodzimodzi, ndipo akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Kusiyanitsa kwake si kovuta kwa kholo lolimba mtima. Ndime 29 ya malamulo aakulu a South Africa imalola munthu kutsegula sukulu yakeyake, koma imaika malire: sukuluyo isasankhe mtundu, ilembetsedwe kuboma, ndipo maphunziro ake asatsike poyerekeza ndi a sukulu zaboma zofanana nayo. Lamulo la sukulu la 1996, South African Schools Act, pa ndime 46, limati kuyendetsa sukulu yosalembetsedwa ndi mlandu. Sukulu yovomerezeka imakhala ndi chiphaso chochokera ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo ndiponso nambala ya EMIS. Imene imakonzekeretsa ana mayeso a matiriki imayenera kudziwika ku Umalusi, bungwe loyang'anira mayesowo. Mphunzitsi aliyense amayenera kukhala m'kaundula wa SACE. Mafunso ake ndi anayi okha, koma ndi makolo angati amene amawafunsa asanapereke ndalama yolembetsera? Munthu yemweyo amene sangagule foni yakale pamsika asanaiyatse amapereka mwana wake kwa mlendo chifukwa choti chikwangwani chili ndi mawu akuti "academy". Zotsatira zake zimaoneka mochedwa: mwana akafuna kusamukira kusukulu ina, lipoti lake limakhala pepala lopanda ntchito, ndipo amabwezedwa m'mbuyo kapena kuyesedwa ngati sanalowepo m'kalasi.

Chachiwiri ndi nkhani ya ndalama, pamene pagona bodza lalikulu. Amati sukulu zaboma za m'tauni nazonso zimalipiritsa, ndiye kuli bwino kungolipira ku pulaiveti. N'zoona kuti sukulu zaboma zinagawidwa m'magulu asanu motengera umphawi wa dera. Magulu atatu oyambirira salipiritsa fizi, awiri apamwamba amalipiritsa, ndipo sukulu zambiri za m'madera amene kale anali a azungu zili m'magulu olipiritsawa. Koma pali chimene ogulitsa malo m'timasukulu tawo sanena. Malamulo a 2006 amati ngati fizi ya chaka ikufika kapena kuposa magawo 10 pa 100 a ndalama zonse zimene makolo amapeza pachaka, makolowo akhululukidwe fizi yonse. Ngati ili pakati pa magawo 2 ndi 10, angathe kuchotseredwa gawo lina. Masamu ake ndi osavuta. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka kuyambira mu Malichi 2025 anali R28.79 pa ola. Mayi wolera ana yekha, wogwira maola 45 pa sabata pa malipiro amenewa, amapeza pafupifupi R67,000 pachaka. Ngati fizi ya sukulu yaboma ikuposa R6,700 pachaka, mayiyu sayenera kulipira kalikonse, bola adzaze fomu n'kuonetsa umboni wa zimene amapeza. Mayi yemweyo akapita ku pulaiveti amalipira mwezi uliwonse popanda fomu yomupulumutsa.

Kusiyanaku kumaonekera bwino tsiku limene ntchito yatha, ndipo kwa mlendo ku Joni tsiku limenelo silichedwa. Lamulo limaletsa sukulu yaboma kukana mwana, kumuchotsa m'kalasi kapena kubisa lipoti lake chifukwa cha ngongole ya fizi. Ngongoleyo ndi nkhani ya sukulu ndi kholo, mwana sailowa. Ku pulaiveti ubale wake ndi wa mgwirizano wamalonda. Ngakhale khoti lalikulu la malamulo a dziko, pa mlandu wa sukulu ya Pridwin mu 2020, linagamula kuti sukulu ya pulaiveti isachotse mwana popanda kuganizira ubwino wake ndi kumva mbali yake, silinanene kuti iphunzitse ulere. Ndipo sukulu yamalonda imatha kugwa ngati malonda ena alionse. Bishop Bavin, sukulu yodziwika ya mpingo wa Anglican ku Bedfordview, inatsekedwa pakati pa chaka cha 2020 chifukwa cha mavuto a zachuma, makolo n'kuyamba kuthamanga kusaka malo. Ngati mtengo wa mizu yozama chotero unagwa, nanga kasukulu ka lendi pamwamba pa sitolo kadzapirira mphepo yanji?

Komabe si matama okha amene amatumiza makolo kumeneko. Mantha ndiwo mzati weniweni wa malondawa, ndipo manthawo si ongopeka. Anthu a ku East Rand sanaiwale Meyi 2008, pamene chiwawa cholimbana ndi alendo chinapha anthu 62 m'dziko lonse, ambiri n'kuthawira kupolisi ndi m'maholo a Germiston. Kholo lopanda pemiti, kapena limene mwana wake anabadwira kuchipatala cha ku Joni koma alibe chiphaso cha kubadwa, limaopa fomu iliyonse yaboma ngati msampha. Kasukulu kosafunsa mapepala kamaoneka ngati pothawirapo. Koma apa napo malamulo anasuntha kalekale, makolo n'kutsalira m'mbuyo. Mu Disembala 2019, khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira nduna ya maphunziro, linagamula kuti ufulu wa maphunziro ndi wa mwana aliyense, kaya ali ndi mapepala kaya alibe, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo, ndipo kuti pamene chiphaso palibe, sukulu ilandire kalata yolumbira ya kholo kapena womulera. Chaka chotsatira dipatimenti ya maphunziro inatumiza kalata kuzigawo zonse kuti zitsatire chigamulocho. Lamulo la BELA, limene Cyril Ramaphosa anasaina mu Seputembala 2024, linalimbitsanso mfundoyi, n'kuwonjezera kuti Giredi R ndi yokakamiza. Mlembi wa pawindo akabweza mwana chifukwa chosowa pemiti, wolakwa ndi mlembiyo, ndipo pali ofesi ya maphunziro ya m'dera, bungwe la ufulu wa anthu la South Africa, komanso mabungwe monga Lawyers for Human Rights ndi SECTION27 amene ntchito yawo ndi milandu yotereyi. Kuthawira kusukulu yosalembetsedwa ndiko kupatsa odana ndi alendo chimene akufuna, kuti mwana wa mlendo asaoneke m'kalasi yaboma, ndipo kholo likudzilipiritsa lokha kuti zitero.

Otsutsa adzati sukulu zaboma za South Africa nazonso n'zodwala, ndipo sakunama. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Giredi 4 m'dzikolo satha kuwerenga momvetsa tanthauzo. Makalasi ambiri ndi odzaza. Januwale aliyense makolo amafola m'maofesi a maphunziro a Gauteng ana awo alibe malo. Mwana wochokera ku Dedza amakumananso ndi chilankhulo chachiwiri, Chiafrikaans kapena Chizulu, chimene sanachimvepo. Adzawonjezera kuti sukulu zolemba mayeso a IEB zimakhoza pafupifupi ana onse chaka ndi chaka. Zonsezi n'zoona, koma sizikuthandiza mlandu wawo. Zotsatira za IEB n'za sukulu zimene ana ake amakulira m'nyumba za mabuku ndi makompyuta. Kubwereka mbiri imeneyo n'kuiveka kasukulu ka m'galaja ndi chinyengo. Kufooka kwa sukulu yaboma sikusandutsa yapulaiveti kukhala yamphamvu. Yaboma, ngakhale yofooka, ili ndi aphunzitsi olembetsedwa, silabasi yodziwika, bungwe la makolo losankhidwa ndi mavoti, ndi ofesi imene munthu angakadandauleko. Yosalembetsedwa ili ndi mwini wake yekha, amene mawa angathe kusintha nambala ya foni.

Ndiponso mbali ina ya vuto la malo ndi ya makolo eni ake. Kuyambira mu 2016, Gauteng imalembetsa ana a Giredi 1 ndi Giredi 8 pa intaneti, ndipo khomo limatsegulidwa chapakati pa chaka, miyezi yambiri sukulu zisanayambe mu Januwale. Kholo limasankha sukulu zingapo, ndipo amene amakhala pafupi ndi sukulu n'kupereka umboni wa kumene akukhala ndiwo amayamba kuganiziridwa. Mmalawi wozolowera kuti chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, komanso kuti malo amapemphedwa kwa ahedi pamaso, amaitanitsa mwana kumudzi pa Khirisimasi, n'kukagogoda pachipata mu Januwale, malo atatha kale. Akabwezedwa amalengeza kuti boma silifuna alendo, n'kulunjika kumene kuli chikwangwani cholandira ana chaka chonse. Safunsa anadya phula.

Palibe cholakwika ndi kholo limene lafufuza, laona chiphaso, lawerengera thumba lake, n'kusankha sukulu yolipira yovomerezeka chifukwa makalasi ake ndi aang'ono kapena ili pafupi ndi kuntchito. Kumeneko ndi kusankha ndi maso otsegula. Cholakwika ndi kusandutsa mwana chikwangwani cha ulemerero wa makolo, kapena kumubisa m'chipinda chopanda mawindo chifukwa cha mantha amene khoti linawayankha kale. Mipingo ya Amalawi ya ku Germiston, magulu a maliro ndi a chipereganyu amadziwa kusonkha ndalama zotumizira mtembo kumudzi m'masiku atatu. Luso lomwelo lingathe kupeza mnyamata mmodzi wodziwa kompyuta wothandiza makolo kudzaza mafomu nyengo yolembetsa ikafika, mayi mmodzi wodziwa kumene kalata yolumbira imadindidwa, ndi mkulu mmodzi woperekeza kholo lobwezedwa kuofesi ya maphunziro. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Agogo ku Mzimba adzapitiriza kufunsa kuti mdzukulu ali pa sukulu yanji, ndipo yankho lakuti "yaboma" silidzawaombetsa m'manja. Koma tsiku limene mdzukuluyo adzafune kulowa kukoleji, kaya ku Johannesburg, ku Zomba kapena ku Lusaka, kalaliki sadzafunsa mtundu wa tayi imene ankavala. Adzatambasula dzanja kuti aone satifiketi, n'kuyang'ana chidindo chake.