Nyumba ya lendi kumtunda, munda ku Nyachikadza

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, nkhani ya anthu a kwa Nyachikadza imayambiranso: asamuke kapena asasamuke? Boma lidayamba kuwauza kuti achoke m'dambo la Ndindi madzi atasefukira m'chaka cha 1997, koma ambiri adakana. Madzi a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adawononga zambiri ku Nsanje, komabe madzi akaphwa anthu amakwera bwato n'kubwerera.

Ena amati ndi liuma. Ine ndikukana. Shire akasefukira amasiya nthaka yachonde ndi chinyontho chokhalitsa, kotero mlimi amadzala chimanga, mbatata ndi nyemba nthawi imene kumtunda kwauma gwaa, osagula feteleza. Munthu wotere simungamuuze kuti akakhale pamalo a miyala popanda munda.

Maganizo anga ndi akuti banja lisunge munda kudimba, koma miyezi ya madzi, kuyambira Disembala kufikira Epulo, likhale ndi nyumba ya lendi kumtunda, kaya ku Marka kwa Ndamera kapena pa boma pa Nsanje. Ana, agogo ndi mbewu zikhale pouma. Kudikira kuti madzi afike pakhomo kenako kukagona m'kalasi ya sukulu si nzeru, ndipo ana a eni dera amalephera kuphunzira.

Tsono achikumbe anzanga, lendi ili ndi misampha yake. Funani nyumba mu Okutobala kapena Novembala, muli ndi ndalama za zokolola za kudimba. Madzi akabwera aliyense amafuna denga, ndipo eni nyumba ena, osati onse, amakweza mtengo poona kuti mulibe kolowera.

Msampha waukulu ndi kulipira ndi chimanga. Mwini nyumba akati "muzindipatsa thumba," zimamveka zopepuka chifukwa simutulutsa ndalama. Koma thumba la makilogalamu 50 la mu Seputembala si limodzi ndi la mu Febuluwale. Nthawi ya njala mtengo wa chimanga umakwera kwambiri, ndiye kuti lendi yanu yakwera popanda wina kukuuzani, pamene ana anu akusowa ufa. Gwirizanani mtengo wa ndalama. Ngati n'chimanga basi, perekani chonse nthawi yokolola, nkhani ithere pomwepo. Mgwirizano ulembedwe papepala pamaso pa a nyakwawa kapena mboni ziwiri: miyezi ingati, ndalama zingati, ndipo denga likadontha akonze ndani.

Nyumbayo muiyang'ane ndi maso a mlimi. Funsani oyandikana nawo ngati madzi a Freddy adafika pabwalo, chifukwa si malo onse otchedwa kumtunda amene ali otetezeka. Mitsinje yochokera m'mapiri a kumadzulo nayonso imasefukira. Onani chiswe m'makoma ndi una wa makoswe. Mbewu ikhale m'matumba osalowa mpweya, pathandala, osati pansi. Za mbuzi ndi nkhuku nenani poyamba, pakuti mbuzi ikadya chimanga cha mwini nyumba ubale umathera pabwalo la milandu.

Kwa akuluakulu a khonsolo ya Nsanje ndi mafumu a kumtunda, pempho langa n'lakuti mabanja amene akudzilipirira okha lendi asaiwalike polemba maina a olandira thandizo, pongoti sali pa kampu. Kuwadumpha n'kuwauza kuti chaka chamawa adikire madzi.